Tikambirane za cikhulupiriro, koma tisachule dzina la mwana wa mnzathu

Kuno kwa Shikabeta wansembe safika Sabata iliyonse. Mtunda wocokera pa msewu waukulu wa ku Chipata ndi wautali, ndipo nyengo ya mvula galimoto imabvutika. Conco mapemphero timatsogolera ndife makatekisiti, ndipo mafunso obvuta amene akhristu amamva pa wailesi amagwera pa mutu pathu.

Funso lotere linatigwera mu January 2024, anthu ali pakati popalira cimanga. Titatha mapemphero, mkulu wina anaimirira nati: "Aphunzitsi, tamva kuti Apapa alola mwamuna kukwatira mwamuna mnzake. Kodi n'zoona?"

Tisanayankhe, chalichi conse cinali phokoso. Ena amati Eklezia watha, ena amati awa ndi masiku otsiriza. Kenaka mai wina anachula dzina la mnyamata wa m'mudzi mwathu amene anapita ku Lusaka kukafuna nchito. Anati zaka 30 zakwana osakwatira, ndiye kuti ndi mmodzi wa iwo. Umboni panalibe. Amake a mnyamatayo anali pa benchi yacitatu. Anamanga citenje cao naturuka, ndipo miyezi iwiri sanapondenso pa chalichi. Tsiku lija ife otsogolera tinalephera udindo wathu. Madzi akatayika saoleka.

Yankho la funso la mkulu uja linali lapafupi: ai. Pa 18 December 2023, ofesi ya ku Roma yoyang'anira ciphunzitso ca cikhulupiriro inatulutsa kalata yochedwa Fiducia Supplicans, movomerezedwa ndi malemu Papa Francis. Kalatayo inanenetsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Cimene inalola ndi dalitso lalifupi kwa anthu awiri olipempha, popanda mwambo, zobvala kapena mau a ukwati. Sabata yomweyo maepiskopi athu a Zambia analemba kuti madalitso otere sadzacitika m'dziko muno, poopa kusokoneza akhristu ndiponso polingalira malamulo ndi miyambo yathu. A ku Malawi ananena cimodzimodzi. Pa 11 January 2024, Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa analemba zomwezo m'dzina la bungwe la maepiskopi a mu Africa.

Koma ciphunzitso ca Eklezia cili ndi miyendo iwiri, ndipo ambiri a ife timayenda ndi umodzi. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2357, amaphunzitsa kuti kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha sikungavomerezedwe. Nambala yotsatira, 2358, imatilamula kulandira anthu a mtima wotere mwaulemu ndi mwacifundo, osawasala popanda cilungamo. Nambala 2359 imawaitana kudzisunga, monga momwe timauzira mnyamata ndi mtsikana aliyense wosakwatira. Katekisiti amene awerenga nambala yoyamba n'kutseka buku wabisa theka la ciphunzitso.

Tisaiwalenso kuti kuno nkhaniyi ili ndi ndende kumbuyo kwake. Gawo 155 la malamulo a milandu limapereka cilango ca zaka zosacepera 15. Mu November 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi analamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Kazembe wa dziko la America, Daniel Foote, atadzudzula cigamuloco, anakangana ndi boma mpaka anacoka m'dziko. Mu May 2020 malemu Edgar Lungu anawakhululukira awiriwo pamodzi ndi akaidi ena ambiri. Tsono kuchula dzina la munthu pagulu si nthabwala ai. Mau amodzi akhoza kumucotsetsa nchito, kumumenyetsa kapena kumufikitsa kupolisi, cikhalireco wakambayo amangoganizira cabe. Lamulo lacisanu ndi citatu la Mulungu, loletsa umboni wonama, silinafafanizidwe pa nkhani iyi.

Titakhala pansi ndi akuluakulu a mpingo, tinapangana mfundo zotsogolera zokambirana m'magulu athu ang'onoang'ono a akhristu. Tikuzilemba pano kuti mwina zingathandize anzathu a kwa Mpanshya, kwa Bunda Bunda ndi kwina.

Coyamba, wotsogolera ayambe ndi kuwerenga cimene maepiskopi analemba, osati cimene wina anamva pa msika. Caciwiri, dzina la munthu, la banja kapena la mudzi lisachulidwe, ngakhale kuloza ndi mlomo. Wolakwira mfundoyi wapampando amudule mau pomwepo, kaya ndi nduna kaya ndi mkulu wa kwaya. Cacitatu, alankhule mmodzimmodzi, ndipo amai ndi acinyamata apatsidwe mpata. Wofunsa funso asayesedwe kuti ndiye wocita. Mwana akaopa kufunsa mu chalichi adzakafunsa kumowa. Cacinai, mau onyoza monga "agalu" kapena "a Satana" akhale kunja, pakuti wobatizidwa aliyense ndi mwana wa Mulungu. Cacisanu, amene ali ndi nkhawa ya m'nyumba mwake aonane ndi wansembe paseri. Bwalo si malo oululira macimo a wina.

Ena anatinena kuti tafewa. Tinawakumbutsa nkhani ya pa Yohane mutu 8, ya mkazi wogwidwa m'cigololo. Ambuye sanayamikire chimo lake, komanso sanalole mwala ngakhale umodzi kuponyedwa. Sitinasinthe ciphunzitso; tinangotula miyala.

M'nyengo ya Lenti tinapita kunyumba kwa amai aja, ife ndi wapampando pamodzi ndi mai amene anachula dzina. Tinawapeza akusenda mondokwa pakhonde. Mnzaoyo anagwada napepesa. Anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati: "Aphunzitsi, za mwana wanga adziwa ndi Mulungu. Koma akabwera pa Pasaka, kodi mudzamulola kulowa mu chalichi?"

Tinawayankha kuti khomo lomwe tinamulowetsera pomubatiza likadali lotsegula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa Pasaka ya caka cimeneco, pa 31 March, amaiwo anakhalanso pa benchi yao yacitatu, ndipo amene anawasendera malo anali mai uja.