Chambord: nyumba yachifumu yomwe mwini wake sanaikhalitse

Alendo oposa 1 miliyoni amafika chaka chilichonse ku Chambord, nyumba yachifumu yaikulu kuposa zonse za m'chigwa cha mtsinje wa Loire m'dziko la France. Koma mu 2025 akuluakulu oyang'anira malowa anapempha anthu akufuna kwabwino kuti athandize kupeza ndalama zokwana mayuro 37 miliyoni zokonzera mbali ina ya nyumbayi, yomwe makoma ake ang'aluka.

Gwero la vutoli ndi nthaka. Nyumbayi inamangidwa pa dambo m'mbali mwa mtsinje wa Cosson, ndipo madzi osefukira a mu 2016 pamodzi ndi chilala cha zaka zotsatira zinafooketsa maziko ake.

Ntchito yomanga inayamba mu 1519 molamulidwa ndi Mfumu François I, yomwe inkafuna malo ofikira ikapita kosaka nyama, komanso oonetsera mafumu anzake ulemerero wake. Chodabwitsa n'chakuti mfumuyi inangogonamo masabata owerengeka pa ulamuliro wake wonse, ndipo inamwalira mu 1547 ntchito isanathe. Zipinda zake zikuluzikulu zinali zovuta kutenthetsa, choncho mipando ndi makama ankabwera nazo mfumu ikamafika, n'kuzitenganso ikamachoka. Amene anadzamaliza ntchitoyi ndi Louis XIV, ndipo pamaso pake Molière anaonetsa koyamba sewero la Le Bourgeois gentilhomme momwemo mu 1670.

Nyumbayi ili ndi zipinda zoposa 400 ndi malo osonkhapo moto 282, koma chimene mlendo aliyense amathamangira ndi masitepe apakati. Awa ndi masitepe awiri opotana ngati chingwe, moti anthu awiri angathe kukwera nthawi imodzi, kumaonana pa timawindo, koma osakumana mpaka pamwamba. Akatswiri ambiri amati luso limeneli linachokera ku maganizo a Leonardo da Vinci, yemwe anamwalirira ku Amboise miyezi yochepa ntchito isanayambe. Wokwera akafika padenga amapeza nsanja ndi machumuni zitathithikana ngati mudzi, ndipo pamenepa m'poyenera kuimapo nthawi. M'zipinda zina, kudenga kunasemedwa chilembo cha F ndi salamander, kanyama konga buluzi komwe kanali chizindikiro cha mfumuyi.

Boma la France linagula malowa mu 1930. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili pafupi kuyamba mu 1939, zithunzi zamtengo wapatali za ku Louvre, kuphatikizapo Mona Lisa, zinasamutsidwira kuno. Bungwe la UNESCO linaika Chambord pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1981.

Kunja kuli minda ya maluwa yomwe inakonzedwanso mu 2017, komanso nkhalango yozunguliridwa ndi mpanda wotalika makilomita 32. Alendo amayendamo pa njinga, ena amapalasa timabwato pa ngalande, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala ambiri amalawirira m'mamawa kukamvera kulira kwa agwape aamuna.