Wopikula mafuta odzola ku Tete ayambe wawerenga botolo

Amayi ena a m'midzi ya m'malire, monga ku Zobue ndi ku Calomue, amapita mumzinda wa Tete kukapikula mafuta odzola ndi sopo m'masitolo a m'dera la Josina Machel kuti azikagulitsa kwawo. Malondawa ndi achangu, koma wopikula mosasamala akhoza kutaya mpamba wake wonse.

Ku Mozambique katundu wogulitsa amayenera kukhala ndi malembo a Chipwitikizi, ndipo bungwe la boma loyendera malonda limalanda katundu amene masiku ake anatha. Choncho wopikula ayang'ane mawu akuti "validade" pabotolo, chifukwa pamenepo ndi pamene pamalembedwa tsiku lothera.

Choopsa kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafutawa amakhala ndi mercury, amene amawononga impso ndi ubongo, ngakhalenso mwana amene ali m'mimba. Ena amakhala ndi hydroquinone, amene poyamba amayeretsa nkhope koma pakapita nthawi amasiya mawanga akuda ovuta kuchotsa.

Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Mu 2023 mayiko a m'pangano la Minamata anagwirizana zoletsa zodzoladzola zonse zothiridwa mercury pofika 2025.

Mafuta othiridwa m'timabotolo topanda dzina amatsika mtengo, koma palibe amadziwa zimene zili m'kati. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kumudzi wogula ndi mnansi kapena mlamu, ndipo nkhope ikapsa amadziwa khomo lokadandaulako.