Mlendo ndani pa Muloza?

Munthu amene angaime pa mlatho wa Muloza m'mamawa nyengo yokolola itafika, sangalephere kuona njinga zolemedwa ndi matumba a chimanga zikuchokera ku Milange kulunjika ku msika wa Limbuli. Ena amadzera pa chipata cha boma naonetsa mapepala awo. Ambiri amangowoloka mtsinje pa madooko amene makolo awo ankawolokerapo, kumtunda kapena kumunsi kwa mlathowo. Akafika tsidya lino palibe owacheukira, pakuti Chilomwe ndi Chichewa chawo n'chomwecho, ndipo wogula chimangacho kawirikawiri amakhala mlamu kapena msuweni wa wogulitsa. Komatu pamaso pa malamulo anthu amenewa ndi alendo, ndipo funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yowalola kapena kuwabweza silidayambe lero.

M'maiko a chitaganya funso limeneli limafika mpaka ku makhoti. Ku America, kumene chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, khoti lalikulu lidagamula mu 2012 kuti chigawo cha Arizona chidapyola malire pokhazikitsa ena mwa malamulo ake okhudza alendo, chifukwa udindowo ndi wa boma la ku Washington. Mu Januwale 2024 asilikali a chigawo cha Texas adatseka malo ena m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande, pa Eagle Pass, nakaniza alonda a malire a boma lalikulu kulowamo, ati pakuti adali kulekerera. Mu Juni 2025 zinthu zidatembenuka: Pulezidenti Donald Trump adatumiza asilikali ku Los Angeles pamene anthu adali kuchita zionetsero zotsutsa kugwidwa kwa alendo, bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, akukana.

Dziko la Malawi lilibe zigawo zodzilamulira chotero. Za anthu olowa ndi kutuluka zili m'manja mwa nthambi ya boma imene imayendera lamulo la 1964, apolisi nawo amalamulidwa kuchokera ku likulu, ndipo lamulo la makhonsolo la 1998 silidapatse khonsolo ya Mulanje mphamvu iliyonse pa chipata cha Muloza. Mfumu, ngakhale ikhale yaikulu ngati Njema amene dera lake limafika pa malirewo, imalandira mswahala kuchokera ku boma, ndipo lamulo la mafumu la 1967 limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yoichotsa pa mpando. Wotere sangatseke dooko ndi asilikali monga adachitira a ku Texas. Kukokana kulipo ndithu, koma ndi kwa kachetechete, ndipo gwero lake ndi ili: mphamvu ili ku Lilongwe, pamene wodziwa kuti uyu ndi mwana wa yani ali m'mudzi.

Malire enieniwo adalembedwa kutali ndi eni dera. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891 lidatenga mtsinje wa Ruo ndi nthambi yake ya kum'mawa, umene ndi Muloza, kukhala mzere wogawa maiko awiri. Mzerewo usadaume n'komwe, Alomwe adayamba kuuwoloka mwaunyinji, kuthawa msonkho, chibalo ndi nkhanza za Apwitikizi, ndiponso njala. Azungu a minda ya ku Mulanje ndi Thyolo adawalandira ndi manja awiri pofuna antchito a thangata, ndipo mafumu a Chimang'anja ndi Chiyao adawapatsa malo, pakuti mfumu imakula ndi anthu. Adzukulu a alendo amenewo lero ndi mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno, pafupifupi anthu 19 mwa 100 aliwonse malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo atulutsa atsogoleri awiri a dziko. Nyakwawa ya ku Mulanje ikamauzidwa kuti isasunge mlendo, imakumbukira kuti agogo ake omwe adabwera ndi kamtolo pamutu.

Mwambo wolandira abalewo udayesedwa kwambiri pa nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo. Mu 1986 tawuni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo, ndipo asilikali a boma sadailandenso kufikira 1988. Anthu adakhamukira tsidya lino usana ndi usiku. Oyamba kuwalandira adali mafumu ndi mabanja: uyu wapatsidwa khonde, uyu kachigawo ka munda, winayo malo omangapo chisakasa. Boma lidabwera pambuyo. Lidasaina pangano la dziko lonse loteteza othawa kwawo mu 1987, lamulo lake la othawa kwawo lidadza mu 1989, ndipo msasa umene udamangidwa pa Muloza udapeza ambiri atakhazikika kale m'midzi. Pofika 1992, chaka chimene mbali ziwirizo zidasaina mtendere ku Rome pa 4 Okotobala, othawa nkhondo m'Malawi adali ataposa 1 miliyoni. Mtengo wake adalipira ndi anthu a m'midzi, pakuti nkhuni zidatha m'mapiri, minda idachepa, zipatala zidadzaza. Koma dziko lonse lapansi poyamika lidayamika boma.

Kuyambira pamenepo boma lakhala likukokera nkhani ya alendo kufupi ndi ilo. Posaina pangano lija lidasunga ufulu wosankhira othawa kwawo malo okhala, ndipo kuyambira 1994 malowo akhala Dzaleka, ku Dowa, msasa umene udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma udafika posunga oposa 50,000. Anthu a ku Tete amene adathawira pa Kapise ku Mwanza adasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno mu 2016. Mu 2023 unduna woona za chitetezo cha m'dziko udalamula othawa kwawo onse okhala m'matawuni ndi m'midzi kuti abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo, ndipo m'mwezi wa Meyi apolisi ndi asilikali adayamba kuwagwira ku Lilongwe, ena n'kuwasunga ku ndende ya Maula, ana omwe. Ambiri mwa ogwidwawo adali a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, anthu opanda msuweni m'mudzi uliwonse wowaikira kumbuyo. Koma pamene chisokonezo cha chisankho cha ku Mozambique chidathamangitsira anthu zikwizikwi ku Nsanje mu Disembala 2024, zidachitika monga kale: midzi idalandira, bwanamkubwa wa boma adalembera ku likulu kupempha thandizo, ndipo thandizolo lidatsatira m'mbuyo.

Pamene kukokanaku kumaonekera bwino ndi pa chitupa cha unzika. M'kalembera wamkulu wa 2017, amene adalemba anthu oposa 9 miliyoni, Amalawi ambiri a kumudzi adalibe pepala lililonse losonyeza kumene adabadwira. Boma lidalibe kuchitira mwina koma kudalira umboni wa nyakwawa ndi wa anthu a m'mudzi. Boma lomwelo, makamaka chisankho chikayandikira, limachenjeza mafumu a m'malire kuti wochitira umboni mlendo adzaona zakuda. Motero chidindo cha mfumu chikufunidwa ndi kukayikiridwa nthawi imodzi.

Chovuta chake chimamveka poganizira mkamwini. Kwa Alomwe ndi Amang'anja mwamuna amakakhala kwa mkazi. Mnyamata wa ku Milange akakwatira pa Muloza amamanga nyumba pa malo a apongozi ake, amalima munda wa mkazi wake, amakumba nawo manda, amasonkha nawo za chitukuko. Pakapita zaka makumi awiri, mudzi sumuonanso ngati wobwera kuposa mkamwini wochokera ku Phalombe. Ana ake ndi Amalawi pa malamulo, pakuti mayi awo ndi Mmalawi, koma iye mwini ndi mlendo wopanda chilolezo. Tsiku la kalembera akaima pa mzere, nyakwawa ichite chiyani? Ikamukana, yanyoza bambo wa adzukulu a m'mudzi, ndipo mawa adzakumana pa maliro. Ikamuvomera, yanama pamaso pa boma limene limailipira. Ndipo sikuti chifundo chokha ndicho chimalamula, pakuti chidindo chingathenso kugulidwa, ndipo boma silikulakwa poopa kuti njira imene wadzera mkamwini wolima, mawa idzadzera wakuba njinga zamoto kapena wozembetsa anthu.

Khonsolo nayo ili ndi dandaulo lake, ngakhale silimveka patali. Ndalama za mankhwala ndi za sukulu zimagawidwa poyang'ana anthu owerengedwa m'boma, koma mayi wa tsidya lija amene mwana wake watentha thupi amapita ku chipatala chimene chili pafupi, osafunsa kuti mbendera yake ndi yotani, ndipo namwino wa mtima wabwino sangamubweze pakhomo. Chimanga cha mwamuna wa mayi yemweyo ndicho chimatsitsa mtengo pa Limbuli chaka cha njala, Mulanje pokhala boma la anthu ambiri ndi minda yochepa, malo ochuluka atatengedwa ndi tiyi. Kutseka madooko kungasangalatse wolemba malipoti ku likulu, koma kungakweze mtengo wa ufa mpaka ku Blantyre.

Kumapeto kwa 2018 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza kuti Mmalawi atha kukhala nzika ya maiko awiri. Amene lamulolo lidawaganizira kwambiri ndi Amalawi okhala ku London, ku Johannesburg ndi ku America, anthu okhala ndi mapasipoti ndi ndalama zolipirira mafomu. Mkamwini wa pa Muloza, amene wakhala wa maiko awiri moyo wake wonse, akudikirabe pa khonde la nyakwawa, chipewa chili m'manja.