Nkhomaliro ya agogo ikudikirabe sikelo ya ku esiteti

M'nyengo ya mvula, tiyi akamaphukira kwambiri, othyola masamba m'minda ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba ku Thyolo amalawira kusanache. Kumudzi kumatsala ana ndi okalamba. Ambiri mwa agogowo adathyolapo tiyi yemweyu, dengu kumsana, n'kumadya nsima ya nyemba kapena nandolo pa ola limene kapitawo wanena. Ntchito adapuma kalekale, koma mimba zawo zikuyenderabe nthawi ya esiteti, chifukwa wowaphikira ndi mwana wawo wamkazi kapena mdzukulu, ndipo iyeyo sabwerera kunyumba mpaka masamba ake atapimidwa pa sikelo.

Kumayiko kumene okalamba amasungidwa m'nyumba zapadera, anthu akhala akulimbana ndi nkhani imeneyi. Ku Weesp, m'dziko la Netherlands, kuli mudzi wa Hogeweyk womwe udatsegulidwa mu 2009 kuti uzisunga okalamba odwala matenda oiwalaiwala. Amakhala ochepaochepa panyumba, chakudya chimaphikidwa m'nyumba momwemo, ndipo wodzuka mochedwa samanidwa kadzutsa.

Kumeneku si kusasatitsa munthu. Akakalamba munthu chilakolako cha chakudya chimachepa, mano amatha, amakhuta ndi mbamu zochepa. Mukamupakulira mitanda itatu madzulo atatandala ndi njala tsiku lonse, amatema pang'ono n'kusamba m'manja. Apabanja amati agogo ayamba matama, pomwe thupi likungotha. Kwa wodwala shuga nkhani yake ndi yoopsa koposa: akamwa mankhwala m'mawa osadya kanthu, shuga amatha kutsika mpaka kukomoka. Ameneyu asamadikire njala, azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Ku Thyolo wosunga okalamba ndi mbumba, ndipo vuto lalikulu ndi nkhuni. Malo ambiri ndi a maesiteti, anthu ndi ochuluka (kalembera wa 2018 adapeza oposa 720,000 m'bomali), choncho kusonkha moto kanayi patsiku si nkhani yamasewera. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zomwe zidayambira ku Mchinji mu 2006, zimagula ufa ndi mchere. Wophika masana ndiye sizimupeza.

Amayi anzeru amachita zomwe angathe. Amasiya phala mu fulasiki, mbatata yophika m'poto yovindikira, thobwa m'chigubu, pamalo poti agogo afikire osadzuka. Kale nthochi zakupsa zinkathetsa nkhaniyi mosavuta, pajatu Molere ndi Thekerani zinkadyetsa Blantyre, koma matenda a chisaka adapulula minda yambiri. Mkute wozizira umatopetsa m'kamwa mopanda mano.

Pulogalamu ya Malawi Tea 2020, yomwe idayamba mu 2015, idathandiza kuti ufa wophikira antchito a m'maesiteti uzikhala wothiridwa michere. Zabwino ndithu, kungoti mbaleyo imathera kwa amene dzina lake lili m'kaundula wa ntchito. Amene adatula dengu saiona.

Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza okalamba, ndipo mipingo ndi mabungwe akuganiza zomanga nyumba zowasungira. Chiyeso chake chidzakhala kukopera kuchipatala kapena kusukulu yogonera komweko: belu lilire, aliyense ndi mbale yake pamzere. Kwa wophika zimapepuka. Koma ku Thyolo odzakhala m'nyumbazo ndi anthu omwe adadyera belu moyo wawo wonse, ndipo ofuna kumanga ayambe awerengera mtengo wa nkhuni zoti moto uzikhalapo m'khitchini kuyambira m'mawa mpaka usiku.