Kampata kochepa ngati tsitsi kamene kanaimitsa kabaza wa achimwene

Achimwene anga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pakati pa Kamwendo ndi Mchinji boma, ndipo tsiku likawakomera amakafika mpaka pa boda ya Mwami kukasiya azimayi a geni opita ku Chipata. Njingayo anaitenga pangongole. Fizi ya mng'ono wathu wa Folomu 3 imachokera pomwepo, ndiwo zapakhomo pomwepo. Njinga ikaima tsiku limodzi, banja lonse timadziwa.

Vuto lidayamba ndi kaphokoso. Injini ikamalira pansipansi, kumutu kwake kunkamveka kuti tiki-tiki-tiki ngati makina osokera. Mnzawo wina pa siteji anawauza kuti ndi matapeti amenewo, ingomangani. Achimwene anatsegula chivindikiro cha pamwamba pa injini, namanga timasikuluwu tiwiri mpaka phokoso lonse linatha. Anabwera kunyumba akunyadira kuti njinga yayamba kulira ngati yatsopano. Patatha milungu iwiri, njinga ija inayamba kuvuta kuliza m'mawa, pachitunda inkafooka ngakhale atanyamula munthu mmodzi, kenako inangokaniratu.

Ndinawaperekeza kwa amakaniko ena achikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Anaponda kiki kamodzi kokha, mwendo unangotsika osalimbana ndi kanthu.

"Mwanawe, wagwira matapeti ndani?"

"Ndine ndemwe, madala. Amasokosa."

"Tapeti yosokosa ndi yamoyo. Yachete ndiye uziiopa."

Ine mawu amenewa anandizunguza, ndiye ndinakhala pa tayala lakale n'kuyamba kufunsa. Zomwe ndinaona tsiku limenelo ndi Physics yomwe ija ya m'kalasi, kungoti yadetsedwa ndi oyilo.

Tiyambe ndi mmene injini imapumira. Pisitoni imatsika kukoka mpweya wosakaniza ndi petulo, imakwera kuupanikiza, pulagi imayatsa moto womwe umaikankhira pansi mwamphamvu, kenako imakweranso kutulutsa utsi. Masitepe anayi, basi. Kuti zimenezi zitheke pamafunika zitseko ziwiri kumutu kwa injini, china cholowetsa mpweya, china chotulutsa utsi. Zitseko zimenezi ndiye mavalavu. Valavu imaoneka ngati bowa wa tsinde lalitali wozondoka, ndipo sipuling'i yolimba imaikoka kuti izikhala yotseka. Valavu iliyonse imatseguka kamodzi injini ikazungulira kawiri. Choncho injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, valavu imatseguka ka 3,000, ndiye kuti ka 50 pa sekondi imodzi. Tayesani kuomba m'manja ka 50 pa sekondi muone.

Nanga amaikankha ndani? Pa injini ya achimwene, mmunsi muli kachitsulo kozungulira kokhala ndi linunda, dzina lake cam. Linunda lija likafika, limatukula kandodo kachitsulo kotchedwa pushrod. Kandodoko kamakankhira m'mwamba, koma valavu imafunika kukankhidwira pansi. Apa ndi pomwe pamalowa rocker arm, amakaniko amangoti roka. Ngati munajigapo madzi pa mjigo, roka mukuidziwa kale: mukatsitsa chogwirira mbali ino, mbali inayo ndodo ya pampu imakwera, chifukwa pakati pali pini pomwe chitsulocho chimapendekekera. Ndi lever yomwe ija aphunzitsi amajambula pabolodi.

Kusiyana kwake n'kwakuti pa mjigo inu mumagwira mbali yaitali kuti musatope. Pa maroka ambiri, pushrod imagwira mbali yaifupi, valavu ili mbali yaitali, cholinga n'choti valavu iyende mtunda wautali kuposa womwe cam yakankha. Injini yotchuka ya V8 yomwe kampani ya Chevrolet idatulutsa ku America mu 1955 ili ndi maroka a 1.5 kwa 1. Kutanthauza kuti pushrod ikakwera mamilimita 8, valavu imatsika mamilimita 12. Anthu a mipikisano ya magalimoto amaikamo maroka a 1.6 kuti valavu itseguke kwambiri, injini ipume bwino. Koma lever sapatsa zaulere. Mtunda ukachuluka mbali ya valavu, mphamvu yomwe pushrod ndi cam zikusenza imachulukanso.

Tsopano kampata kaja. Pakati pa nsonga ya roka ndi mutu wa tsinde la valavu, opanga injini amasiya mpata dala. Pa Honda CG125, mpata umenewu ndi mamilimita 0.08 injini ili yozizira, pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Chifukwa chake ndi kutentha. Chitsulo chikatentha chimatalika. Ndodo ya chitsulo cha steel yotalika mamilimita 100, ikatentha ndi madigiri 200, imaonjezera pafupifupi mamilimita 0.24, mungawerenge nokha, 100 × 0.000012 × 200. Mwina mufunsa kuti, nanga 0.24 si yoposa 0.08? Funso labwino. Sikuti valavu yokha ndiyo imatalika. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, yomwe imafufuma pafupifupi kawiri kuposa steel, ndipo ukamafufuma umanyamula roka m'mwamba. Pushrod nayo ikutalika mwa iyo yokha. Zonsezi zimalimbana, ndipo nambala ya m'buku la injini ndi yomwe akatswiri anapeza ataziphatikiza. N'chifukwa chake injini iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo yobwereka kwa mnzako pa siteji ikhoza kukupweteketsa.

Achimwene atamanga masikuluwu aja, mpata unatha. Roka inkapondereza valavu pang'ono nthawi zonse, moti sinkatsekeka n'kukhala bwinobwino pampando pake. Valavu ya utsi imakhala m'moto weniweni, mutu wake umatentha kuposa madigiri 600, ndipo njira yake yaikulu yozizirira ndi kukhudza mpando wake nthawi yomwe yatseka, kutentha n'kudutsira ku mutu wa injini. Ikalephera kukhudza, moto umadutsa m'mbali ngati madzi pa mng'alu wa damu. Amakaniko atachotsa mutu wa injini anatipatsa valavu ija m'manja. M'mphepete mwake munali mutadyeka ngati khoswe waluma. Mpweya wonse wopanikizidwa unkathawira pamenepo, ndiye kiki ikanalimba bwanji?

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri chinabwera pambuyo. Achimwene anakagula valavu yatsopano pa shopu ina, amakaniko anaipera ndi phala lake kuti igwirane ndi mpando, n'kumanga zonse. Ine ndimati tatha. Iwo anatulutsa cholembera chakuda, chija cholembera pa makatoni, napaka inki pamutu pa tsinde la valavu. Anazunguza injini ndi sipanala maulendo angapo, nachotsanso roka, n'kuyang'anitsitsa. Pomwe roka inakhudza, inki inali itafufutika. Chizindikirocho chinali chotambalala, chopendekera kumphepete.

"Valavu iyi si yake. Yatalika. Bwerera nayo."

Achimwene nkhope inagwa, poti dzuwa linali litapendeka. Ine ndinafunsa kuti, "Madala, si mungangobweza sikuluwu kuti mpata ukwane?" Anati mpata ukwana ndithu, koma pakatha miyezi ingapo njinga idzayamba kufuka utsi wa oyilo.

Chifukwa chake ndi ichi. Valavu imayenda mowongoka, pansi ndi m'mwamba, m'kapaipi kake kotchedwa guide. Koma nsonga ya roka siyenda mowongoka. Imazungulira pini yake, ngati mmene m'mphepete mwa chitseko mumajambulira uta pansi mukamatsegula. Ndiye pamene ikutsitsa valavu, imakhalanso ikukwekwereza cham'mbali pamutu pa tsinde lija. Kukwekwereza kumeneku sikungathe konse, koma kungachepe. Kumachepa kwambiri ngati roka ipanga ngodya ya madigiri 90 ndi tsinde la valavu pamene valavu yatseguka theka.

A Folomu 2 kupita m'tsogolo, tengani Pythagoras wanu. Tiyerekeze kuti kuchokera pa pini kufika pa nsonga ya roka ndi mamilimita 35, ndipo valavu imatsika mamilimita 7. Ngodya ya 90 ikakhala pakati pa ulendo, nsonga imayenda 3.5 pamwamba ndi 3.5 pansi pa mzere wapakati. Square root ya 35² kuchotsa 3.5² ndi 34.82, ndiye kukwekwereza ndi mamilimita 0.18 okha. Koma ngodya ija ikakhala koyambirira kwa ulendo, 7 yonse imagwera mbali imodzi: square root ya 35² kuchotsa 7² ndi 34.29, kukwekwereza n'kufika 0.71. Kuchuluka kanayi, pa roka yomweyo, valavu kutsika chimodzimodzi. Ndiye kumbukirani kuti izi zikuchitika ka 50 pa sekondi. Tsinde limakankhidwira m'mbali, guide imakula bowo, oyilo n'kuyamba kutsikira kumoto.

Okonza injini za mipikisano ku America amachita mayeso a inki omwewa. Iwo amasintha kutalika kwa pushrod, kapena kuika tizitsulo topyapyala pansi pa mpando wa maroka, mpaka chizindikiro chikhale chopapatiza komanso chapafupi ndi pakati. Madala athu a pansi pa mango alibe mapushrod a misinkhu yosiyanasiyana m'bokosi. Chomwe angathe n'kukana valavu yolakwika, ndipo anakanadi.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti injini ya mtundu umenewu sinabwere mwangozi. Mu 1974 akatswiri a Honda anayendera maiko monga Thailand, Indonesia ndi Pakistan, n'kupeza anthu akusenzetsa njinga katundu wadzaoneni komanso osasintha oyilo. Anabwerera kwawo kukapanga injini yopirira nkhanza zotere, ndipo CG125 inatuluka mu 1975, ili ndi linunda limodzi lokha la cam lotsegula mavalavu onse awiri. Njinga zambiri za ku China zomwe mumakwera pa kabaza zinatengera pulani imeneyi. Zina, monga Boxer, cam yake ili pamwamba ndipo imayendetsedwa ndi tcheni, koma maroka ndi kampata kaja ziliponso.

M'mawa mwake valavu yoyenera inapezeka, ndipo chizindikiro cha inki chinabwera chopapatiza. Injini ili yozizira, amakaniko anazunguza flywheel mpaka chilembo cha T chinafika pa mzere wake, maroka onse awiri akugwedezeka momasuka. Analowetsa kalezala kopyapyala ka fila geji, namanga sikuluwu mpaka kalezalako kanayamba kukoka pang'ono ngati mpeni m'papaya losapsetsa, nalimbitsa nati. Kenako anayezanso, poti nati ikamalimba imakonda kuzunguza sikuluwu.

Kiki yachiwiri injini inalira. Kumutu kunkamveka tiki-tiki wapansipansi. Achimwene anapendeketsa khutu, dzanja likupita ku thumba la masipanala.

"Usiye choncho," anatero madala. "Pita ukagwire ntchito, wataya kale masiku anayi."