Chinjira cha Mizinda: Zimene Msewu wa Hannover Umatikumbutsa

Munthu woyenda pansi pakati pa mzinda wa Blantyre, akapatuka mu Victoria Avenue n'kulowa m'timisewu ta m'mbali momwe muli mabanki ndi maofesi, akakweza maso ake kuwerenga zikwangwani, adzapeza msewu wina wotchedwa Hannover. Ndipo ngakhale kuti khamu la anthu limauponda tsiku ndi tsiku, amayi ogulitsa nthochi, alembi othamangira kuntchito ndi anyamata olondera magalimoto, ndi owerengeka okha amene angakuuzeni kumene dzinalo linachokera. Hannover ndi mzinda wa ku Germany, likulu la chigawo cha Niedersachsen, wokhalamo anthu oposa theka la miliyoni, umene m'chaka cha 1968, dziko lathu lisanathe n'komwe zaka zisanu lili pa ufulu wodzilamulira, unapangana ubale ndi khonsolo ya Blantyre. Kuyambira pamenepo maboma asintha, atsogoleri alowa ndi kutuluka, khoma limene linagawa Germany pakati linagwa, ulamuliro wa chipani chimodzi kuno unatha mu 1994, koma pangano la mizinda iwiriyi lidakalipo.

Amayi athu akumudzi ali ndi dzina la ubale wotere, pakuti amautcha chinjira. Akazi awiri amene si a bere limodzi, mwina a midzi yotalikirana, amasankhana okha, napatsana mphatso, naitanirana pa chinkhoswe ndi pa ukwati, ndipo maliro akagwa pakhomo pa mmodzi, winayo ndiye amayamba kufika ndi ufa pamutu asanatumidwe uthenga wachiwiri. Chinjira sichidikira kuti mafumu a midzi iwiriyo agwirizane kaye. Anthu a ku Hannover anaphunzira ubale wa mtundu umenewu m'masiku a chisoni chawo, pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasiya pakati pa mzinda wawo pali bwinja, ana akuyenda m'chisanu opanda nsapato. Pakuti mu 1947 anthu a mzinda wa Bristol ku Mangalande, amene dzulo lake anali adani awo, ndipo nawonso anali ataphulitsiridwa nyumba ndi ndege za Germany, anapita kukaona masautsowo ndi maso awo, nabwerera kwawo kukasonkha nsapato ndi zovala. Mpaka lero tchalitchi china cha pakati pa Hannover chinasiyidwa chopanda denga kuti chikhale chikumbutso, ndipo m'menemo muli belu lochokera ku Hiroshima, mzinda winanso umene anapalana nawo ubwenzi. Anthu amene anadziwa kulandira m'tsiku la tsoka ndi amene anatambasula dzanja lawo kufikira kuno ku Kabula.

Kwa zaka zambiri ubale wa mizinda unkayesedwa mwambo chabe wopatsana mbendera ndi kujambulitsa zithunzi, pomwe nkhani zenizeni za chitukuko zinali za nduna ndi akazembe. Maganizo anayamba kutembenuka pa msonkhano waukulu wa ku Rio de Janeiro mu 1992, pamene maiko anavomereza, m'mutu 28 wa chikalata chotchedwa Agenda 21, kuti mavuto ambiri a chilengedwe mizu yake ili m'madera, ndipo kuti khonsolo iliyonse ikambirane ndi anthu ake za m'mene iwathetsere. Mu 2004 makhonsolo a padziko lonse anapanga bungwe lawo la United Cities and Local Governments, limene likulu lake lili ku Barcelona, ndipo mu 2015, pamene United Nations inakhazikitsa zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, cholinga cha nambala 11 chinaperekedwa kwa mizinda ndi malo okhala anthu. Nzeru yake njosavuta kuimva. Pangano lisainidwe ku New York kapena ku Lilongwe, koma amene amatola zinyalala pa msika wa Limbe, amene amatsegula ngalande ikatsekeka ku Ndirande, amene amaloleza kapena kuletsa kumanga nyumba m'mphepete mwa phiri, amene amasamala manda ndi kutumiza galimoto yozimitsa moto, ndi khonsolo. Injiniya wa za ngalande wa ku Hannover akakhala pansi ndi mnzake wa ku Blantyre, amamvana msanga kuposa nduna ziwiri, chifukwa onse awiri anaimbiridwapo foni pakati pa usiku kuti paipi yaphulika.

Palinso chifukwa china chimene ife Amalawi tiyenera kuchidziwa koposa ena, pakuti tinachiona ndi maso. Ubwenzi wa maboma akuluakulu umayenda ndi mphepo ya ndale. Kumayambiriro kwa 2008 tinamva kuti dziko lathu lathetsa ubale wake wa zaka zoposa 40 ndi Taiwan n'kutembenukira ku Beijing, ndipo madokotala a ku Taiwan amene ankathandiza pa chipatala chachikulu cha Mzuzu analongedza katundu wawo. Mu 2011 kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anapitikitsidwa, ndipo thandizo linaima pa nthawi imene anthu ankagona pa mizere ya mafuta. Mu 2013 kuba kwa ndalama za boma kumene kunatchuka ndi dzina loti Cashgate kutaululika, maiko otithandiza analeka kuthira ndalama zawo mu bajeti ya boma. Pa nthawi zonsezi njovu zinali kulimbana kumtunda, ndipo udzu wopondedwa unali mayi wa ku Bangwe wofuna mankhwala. Ubale wa makhonsolo, wa masukulu ndi wa mipingo, monga uja wa pakati pa ife ndi Scotland umene unakula ndi mishoni ya Blantyre ya mu 1876 nulimbitsidwanso ndi pangano la 2005 la atsogoleri a mbali ziwirizi, Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, sugwedezeka msanga chotero, popeza mizati yake njambiri ndipo njozikika pansi.

Koma apa mpofunika kunena choonadi chowawa, chimene abwenzi athu akunja, chifukwa cha ulemu wawo, sanganene poyera. Chinjira chimafuna anthu awiri oima ndi miyendo yawo, ndipo khonsolo ya ku Malawi kwa nthawi yaitali yakhala ngati mkamwini amene anapatsidwa munda koma khasu lili m'nyumba ya apongozi. Mu 1998 tinakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ndipo mu Novembala 2000 tinasankha makhansala oyamba a nthawi ya zipani zambiri. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike; chinalonjezedwa, chinasunthidwa, chinasunthidwanso, kufikira Meyi 2014, kotero kuti kwa zaka 9 mizinda ndi maboma a dziko lino anayenda opanda munthu mmodzi wosankhidwa ndi anthu kuti ayang'anire ndalama zawo. Mkati mwa zaka zomwezo, mu 2010, lamulo linasinthidwa kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo aziponya nawo voti m'khonsolo, ndi kuti mkulu woyendetsa khonsolo azisankhidwa ndi nduna. Ndondomeko ya 1998 inanena kuti magawo 5 pa 100 alionse a ndalama zimene boma limatolera azipita ku makhonsolo kukachita chitukuko, ndipo bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula chaka ndi chaka kuti lonjezo limeneli silikwaniritsidwa. Taganizani tsono meya wa ku Ulaya, wosankhidwa ndi anthu ake, wokhala ndi bajeti imene khonsolo yake imavomereza yokha, akulemba kalata kufuna mnzake wokambirana naye, n'kupeza kuti pampando palibe munthu.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo za mipando yopanda eni ndi m'mene munachitika chitsanzo chimene ine ndimachiyesa chopambana zonse, ndipo sichinachokere kutsidya kwa nyanja. Mu 2008 khonsolo ya Lilongwe, imene inali ndi mzinda wokula mofulumira kuyambira pamene unakhala likulu mu 1975, koma yosadziwa bwino amene ali nayo ngongole ya msonkho wa malo, yosowa antchito m'maudindo ofunika, ndiponso yopanda pulani yoti aliyense aitsate, inapempha kuti mzinda wa Johannesburg uiphunzitse ntchito. Uyu ndi Joni yemweyo amene agogo athu anapitako pa Wenela kukakumba golide, nabwerako ndi njinga, majekete ndi chifuwa chosatha; tsopano mzinda umene unadya mphamvu za makolo athu unali kubweza kanthu kwa zidzukulu zawo. Anthu a ku Johannesburg sanabwere ndi magalimoto kapena matumba a ndalama. Anatumiza akatswiri awo a za mapulani ndi za chuma, amene anakhala pansi ndi anzawo a ku Lilongwe, ofesi ndi ofesi, kufunsa mafunso amene mwini nyumba amachita nawo manyazi: mabuku a ndalama anawerengedwa liti komaliza, malo olipira msonkho alipo angati, ndani amayankha ntchito ikalephereka. M'menemo munatuluka pulani ya chitukuko cha mzinda yolembedwa ndi eni ake, kalembera wa ndalama analowa m'kompyuta, ndipo mabungwe ena amene kale ankaopa kuika ndalama zawo m'thumba lobooka anayamba kubwera. Mu 2012 ntchito imeneyi inapatsa Lilongwe mphotho ya ku Guangzhou ya luso loyendetsera mizinda, pamodzi ndi mizinda ngati Vienna, Seoul ndi Vancouver. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka a ku Joni kanali koti kakameta kamodzi kamasiyidwa m'manja mwa mwini mutu.

Sindikunena kuti Lilongwe inasanduka paradaiso, pakuti aliyense wodutsa ku Mtandire kapena ku Chinsapo m'nyengo ya dzinja adzanditsutsa. Pulani ikalembedwa imafuna oisunga, ndipo antchito ophunzitsidwa akasamutsidwa ndi kalata yochokera ku unduna, nzeru imasamuka nawo. Chimene ndikunena n'chakuti pali kusiyana kwakukulu pakati pa mphatso imene imatha ndi mphatso imene imabala. Tonse tinaonapo galimoto yaikulu yoperekedwa ndi abwenzi akunja, yolandiridwa ndi magule ndi malankhulidwe, imene patangopita chaka chimodzi imapezeka itakhala pa miyala kuseri kwa ofesi, udzu utamera m'matayala, chifukwa kachitsulo kamodzi kanathyoka ndipo m'dziko muno mulibe sitolo yokagulitsa, ngakhale makaniko amene anaphunzitsidwa kukakonza. Woperekayo anachita ndi mtima wabwino, ndipo wolandirayo anaopa kukana, poti wopempha sasankha; koma onse awiri analephera kufunsana zoona. Tinaonanso maulendo a kunja akusanduka mphotho ya akuluakulu, amene amapita kukaona m'mene anzathu amasamalira zinyalala, pomwe kapitawo amene amagwira ntchitoyo m'bandakucha uliwonse sanakwerepo ndege, ndipo lipoti la ulendowo palibe amene analiwerenga. Zoterezi zimandipweteka mtima, chifukwa zimachititsa anthu kunyoza chinthu chimene pachokha n'chabwino.

Ndiponso tisadziyese olandira okhaokha, pakuti kupatsa n'kuika, ndipo chinjira chimene mmodzi yekha ndiye amasenza dengu chimasanduka ukapolo waulemu. Mizinda ya ku Ulaya nayonso tsopano ikulimbana ndi kusefukira kwa mitsinje ndi kutentha kumene makolo awo sanakudziwe, ndipo pali zimene ingaphunzire kwa anthu amene amayendetsa mzinda wa anthu 800,000, monga kalembera wa 2018 anapezera ku Blantyre, ndi ndalama zochepa chotere; kwa mafumu a m'makwalala amene amatha kusonkhanitsa mudzi wonse pa maliro m'maola awiri; kwa magulu a amayi a banki m'khonde amene amasunga mabuku awo mokhulupirika koposa maofesi ena. Ophunzira ndi aphunzitsi amene amachokera kumeneko kudzakhala pakati pathu amabwerera kwawo ali anthu ena, ndipo imeneyo ndi mphatso yathu, imene tiyenera kuitchula mosachita manyazi tikakhala pa gome la zokambirana.

Zaka zapitazi zatiphunzitsa mwankhanza chimene chimachitika khonsolo ikafooka. Kolera imene inayamba mu 2022 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo, imene njira yake ndi madzi akuda, zimbudzi zosefukira ndi misika yopanda mipopi. Misozi isanaume, mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi eni ake ali m'tulo. Mvula inachokera kumwamba, koma nyumba zomangidwa pa malo otsetsereka amene mitengo yake inatha kalekale, ngalande zosakumbidwa ndi malo abwino amene osauka sangawakwanitse, zonsezi ndi nkhani za pansi pano, zolembedwa m'mabuku a khonsolo. Thandizo la mwadzidzidzi linabwera, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma mabulangete ndi matumba a ufa sangayankhe funso la kumene mabanja aja akamange kuti phiri lisawapezenso.

Funso limenelo ndi la woyeza malo, la injiniya, la wosunga chuma cha mzinda ndi la khansala wa dera, ndipo awa ndiwo anthu amene mzinda ngati Hannover uli nawo ochuluka, odziwa ntchito, ofunitsitsa kugawana nzeru ndi anzawo. Chotsala n'chakuti boma lalikulu limasule dzanja, lipereke ku makhonsolo a dziko lino ndalama zimene linalonjeza mu 1998, lileke kusamutsa antchito amene angophunzira kumene, ndi kuti mapangano a ubale aziwerengedwa poyera pa msonkhano wa khonsolo kuti wokhoma msonkho adziwe chimene chinapanganidwa m'dzina lake. Ndipo alendo a ku Hannover akadzabwera, ndikadakonda kuti akatha kuwaonetsa tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi msewu wotchedwa ndi dzina la kwawo, awatengere ku mtaya wa zinyalala wa ku Mzedi, awayendetse m'mbali mwa mtsinje wa Mudi kuti amve okha fungo lake, kenaka akwere nawo ku Chilobwe, kumene zipsera za matope zikuonekabe m'phiri, ndipo wolankhula kumeneko akhale kapitawo wa ngalande ndi mayi amene anataya nyumba yake.