Normandie: sitima imene inagonjetsa nyanja, n'kugwetsedwa ndi madzi ozimitsira moto

Pa 29 May 1935 sitima yapamadzi yotchedwa Normandie inanyamuka padoko la Le Havre ku France pa ulendo wake woyamba wopita ku New York. Inawoloka nyanja ya Atlantic m'masiku 4 ndi maola 3, liwiro limene sitima ina iliyonse yonyamula anthu inali isanalifikepo. Zaka 7 zisanathe, sitima yomweyo inali itagona chammbali m'matope padoko la New York. Siinawombe thanthwe, siinaphulitsidwe ndi bomba, ndipo kunalibe namondwe. Inagwetsedwa ndi madzi amene anthu ankathira pofuna kuipulumutsa.

Ndikamaphunzitsa za kuyandama kwa zinthu ndimakonda nkhani ya sitima imeneyi, chifukwa imayankha mafunso atatu amene wopanga sitima aliyense amalimbana nawo: iyandama bwanji, ithamanga bwanji, nanga ikhala bwanji chilili osagudubuka? Tiyeni tiwatenge limodzilimodzi.

Chitsulo chingayandame bwanji?

Normandie inapangidwa ku Saint-Nazaire, kumadzulo kwa France, ndipo anaitsitsira m'madzi pa 29 October 1932. Eni ake anali kampani ya Compagnie Générale Transatlantique. M'litali inali mamita 313, kutanthauza mabwalo atatu a mpira kuwandanditsa, ndipo m'lifupi inali pafupifupi mamita 36. Inkatha kunyamula apaulendo 1,972 ndi antchito oposa 1,300. Kulemera kwake kunali pafupifupi matani 70,000, ndipo kwakukulu chinali chitsulo.

Ndiye mufunsa kuti, aphunzitsi, msomali ukagwera mu ndowa umamira, nanga chimphona chimenechi chinkayandama bwanji? Yankho ndi la Archimedes lija: chinthu chikalowa m'madzi, madziwo amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha. Density ya chitsulo ndi pafupifupi 7,850 kg pa kiyubiki mita, pomwe ya madzi a m'nyanja yamchere ndi 1,025 kg. Chitsulo chikakhala chibulumwa chimira basi. Koma mukachisula kukhala ngati chibakuli chachikulu, mkati mwake mumadzaza mpweya, ndipo chimasuntha madzi ambiri chisanalowe chonse. Normandie inkatitimira mpaka itasuntha madzi olemera matani 70,000, n'kuima pomwepo.

Chenjerani ndi nambala ina imene mungaione m'mabuku. Amalemba kuti Normandie inali ya "matani" 79,280, ndipo atayikonzanso mu 1936 inafika 83,423. Amenewa si matani a kulemera ayi. Ndi muyeso wa malo a mkati mwa sitima, umene umatchedwa gross tonnage, ndipo nthawi imeneyo tani imodzi yotere inkaimira makiyubiki mita 2.83.

Liwiro limadya mphamvu

Kuyandama n'kosavuta. Chovuta ndi kuthamanga. Liwiro la sitima amaliyeza m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Normandie inkayenda pafupifupi ma knot 30, omwe ndi makilomita 56 pa ola. Mwina mukuseka kuti minibasi imaposa pamenepo. Komatu minibasi imang'amba mpweya, pomwe sitima imang'amba madzi, ndipo madzi ndi olemera kuposa mpweya ka 800.

Sitima ikamayenda imataya mphamvu m'njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi kukhuzana kwa madzi ndi thupi lake. Yachiwiri ndi mafunde amene imautsa yokha. Funde lililonse limene mukuliona likuchoka kumphuno kwa sitima ndi mafuta amene apsa popanda kupititsa sitimayo patsogolo. Ndipo liwiro likamakwera, mphamvu yofunika imakwera modetsa nkhawa. Mongoyerekeza, mukafuna kuwirikiza liwiro kawiri, mphamvu muiwirikize 2 × 2 × 2, ndiye kuti ka 8.

Apa ndi pamene panalowera Vladimir Yourkevitch, katswiri wa ku Russia amene kale ankajambula mapulani a sitima zankhondo ku Saint Petersburg, kenako n'kuthawira ku France boma la kwawo litasintha. Iye anati vuto la mafunde lithetsedwe ndi kaumbidwe ka thupi la sitima. Anajambula mphuno yopyapyala yolowa mkati pamene madzi amalekeza, ndipo pansi pa madzi anaika chotupa chobulungira. Anayesa tisitima tating'ono ta mapulani osiyanasiyana m'thanki yaitali ku Hamburg, ndipo pulani yake ndi imene inapambana.

Chotupacho chimagwira ntchito bwanji? Kumbukirani phunziro la mafunde: nsonga ya funde lina ikakumana ndi chigwa cha funde linzake, awiriwo amafafanizana. M'kalasi timati destructive interference. Chotupa chija chimautsa funde lakelake patsogolo pang'ono, ndipo chigwa cha funde limenelo chimagwera pamene mphuno ikanautsa nsonga. Zotsatira zake, funde limachepa, mafuta amapulumuka. Nzeruyi sanayambe ndi Yourkevitch, pakuti sitima ya ku Germany yotchedwa Bremen inali nacho kale chotupa chotere mu 1929. Koma iye anachilumikiza bwino ndi thupi lonse, mwakuti anthu ankadabwa kuona chisitima chonsecho chikuthamanga popanda chifunde chachikulu kutsogolo. Lero sitima zambiri zikuluzikulu zili ndi chotupa chimenechi.

Nyumba ya magetsi yoyandama

Mkati mwa Normandie munali maboyila akuluakulu 29 otenthetsedwa ndi mafuta. Nthunzi yake inkazunguza ma turbine anayi, koma ma turbine amenewa sankalumikizidwa ndi mapulopela. Ankazunguza majenereta, magetsi n'kuyenda m'mawaya kupita ku mamota anayi opangidwa ndi kampani ya Alsthom, ndipo mamotawo ndi amene ankazunguza mapulopela anayi. Taonani mmene mphamvu ikusinthira: ya m'mafuta, kukhala kutentha, kukhala kuzungulira, kukhala magetsi, kukhalanso kuzungulira. Mphamvu yonse inali mahosipawa 160,000, pafupifupi mamegawati 120. Kuti muone kukula kwake, siteshoni ya Kapichira pamtsinje wa Shire imatha kupanga pafupifupi mamegawati 130.

Bwanji kuzungulira njira yonseyi? Turbine imagwira bwino ntchito ikamazungulira mofulumira kwambiri, pomwe pulopela imafuna kuzungulira pang'onopang'ono. Magetsi ankagwirizanitsa ziwirizi popanda magiya akuluakulu. Komanso pobwerera m'mbuyo ankangosintha kalumikizidwe ka magetsi, mota n'kutembenuka, turbine ikuzungulirabe mbali yomweyo.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Poyamba kumbuyo kwa sitimayi kunkanjenjemera kwambiri ikathamanga. Anachotsa mapulopela a mapeni atatu n'kuika a mapeni anayi, ndipo mu 1937 inawoloka Atlantic pa liwiro loposa ma knot 31. Mu 1938 sitima ya ku Britain, Queen Mary, inailanda ulemu wa liwirowo.

Okonza mapulani anachitanso china chanzeru. M'sitima zambiri mipope ya utsi inkadutsa pakati penipeni, n'kumaduladula zipinda. Mu Normandie anaigawa pawiri n'kuidutsitsa m'mbali, ndiye pakati panatsala malo aakulu. Chipinda chodyera cha apaulendo olemera chinali chotalika mamita 93. Pa machumuni ake atatu, chachitatu sichinkatulutsa utsi wa maboyila, ndipo munali makola a agalu a apaulendo.

Tsiku limene inagwa

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayamba mu 1939, Normandie inatsakamira ku New York. Kumapeto kwa 1941 boma la America linaitenga, n'kuitcha Lafayette, ndipo linayamba kuisandutsa yonyamula asilikali. Pa 9 February 1942, moto wothetheka kuchokera pa chida chodulira zitsulo unagwera pa mulu wa majekete oyandamitsa anthu, omwe mkati mwake munali usufu wosachedwa kuyaka. Moto unafalikira m'zipinda zam'mwamba. Munthu mmodzi anamwalira.

Ozimitsa moto anathira madzi kuchokera padoko komanso kuchokera m'maboti. Moto unazima, koma madziwo sanatuluke. Anadzaza m'zipinda zam'mwamba, ndipo apa fizikisi inayamba kugwira ntchito yake mosayang'ana nkhope.

Pa sitima pamakhala mphamvu ziwiri zolimbana. Kulemera kumakokera pansi kudzera pa centre of gravity, ndipo madzi amakankhira m'mwamba kudzera pa centre of buoyancy. Sitima yabwino ikapendekeka, malo amene madzi akukankhira amasunthira mbali yomwe yatsikayo, n'kuibweza. N'chifukwa chake mainjini, mafuta ndi katundu wolemera amaziika pansi. Madzi ozimitsira moto aja anawononga dongosololi m'njira ziwiri. Choyamba, anakweza centre of gravity chifukwa anali pamwamba. Chachiwiri, madzi osadzaza chotengera sakhazikika: sitima itangopendekeka pang'ono kumanzere, onse anathamangira komweko, n'kuipendeketsa kwambiri, enanso n'kutsatira. Akatswiri amati free surface effect. Aliyense amene anasenzapo beseni la madzi losadzaza akudziwa zimenezi. Ndi chifukwa chake kumudzi ena amaika masamba pamwamba pa madzi mu ndowa kuti asamakhavuke.

Yourkevitch anali akukhala ku New York nthawi imeneyo, ndipo anathamangira kudoko. Maganizo ake anali oti atsegule mavavu apansi kuti madzi alowe kunsi, sitima ikhale pansi pa doko ili chilili, pakuti pamalopo sipanali pakuya. Taganizani: kuipulumutsa poimiza dala! Koma sanamulole kulowa. Usiku womwewo, cha m'ma 2:45 pa 10 February, Normandie inagudubuka. Anaidzutsa mu 1943, koma kuikonza kunali kodula kwambiri, ndipo mu 1946 anaigulitsa kuti aiphwanye.

Zimene zinatsala

Ku Saint-Nazaire ntchito siinathe. Kumeneko anapangako France, ya mamita 316, imene inayamba maulendo mu 1962. Ndege zitalanda apaulendo, inaimitsidwa mu 1974, kenako inagulitsidwa n'kutchedwa Norway, yoyendetsa alendo okasangalala ku Caribbean. Eni atsopanowo anachotsa mapulopela awiri mwa anayi aja. Mukukumbukira 2 × 2 × 2 uja? Wokasangalala safuna liwiro, ndiye kuchepetsa liwiro pang'ono kunapulumutsa mafuta ochuluka. Queen Mary 2, ya mamita 345, inapangidwanso komweko, ndipo mapulopela ake amazunguzidwa ndi mamota amagetsi, nzeru ya Normandie ija.

Yesani izi kunyumba. Yandamitsani kabakuli kapulasitiki m'beseni la madzi. Ikanimo mchenga pang'ono, mukapendeketse ndi chala, muone mmene kakubwerera. Kenako chotsani mchengawo, thiranimo madzi olemera chimodzimodzi, mupendeketsenso. Kulemera n'kofanana, koma khalidwe lasintha. Mundiuze zimene mwaona.

Ndipo inu amene mumakwera mabwato panyanja yathu kapena powoloka mitsinje, lamulo lake ndi lomweli. Katundu wolemera akhale pansi, anthu asaimirire kapena kukhamukira mbali imodzi, ndipo madzi akalowa m'bwato akapidwe msanga, asadikire kuti achuluke. Sitima ya matani 70,000 inalephera kupirira madzi oyendayenda mkati mwake, ndiye bwato la matabwa lingapirire bwanji?